Kompyuta pa tilu: ntchito ya kashiya yachepa?

Wogulitsa_Limbe: Akuluakulu, sitolo ikaika kompyuta ndi sikana (kachipangizo kowerenga timizere ta pa katundu) pa tilu, ntchito ya kashiya imachepa kapena imangosintha?

Mayi_wa_Sitoko: Imasintha, achimwene. Kuloweza mitengo ndi kuwerengera chenji pamtima kumatha, koma madzulo ndalama za m'dilowa ziyenera kufanana ndi lipoti la makina. Zikaperewera, amafunsidwa ndi amene analowa ndi dzina lake pa tiluyo. N'chifukwa chake pasiwedi sabwereketsa, ngakhale kwa mnzako wapamtima.

Akauntanti_Mzuzu: Vuto lalikulu limayambira kolandirira katundu. Katoni ya sopo 24 ikalembedwa ngati sopo mmodzi, sitoko yonse imasokonekera, wosalakwa n'kuoneka wakuba. Wolemba katunduyo aphunzitsidwe kaye.

Mayi_wa_Sitoko: Zoonadi. Magetsi akathimanso, lembani m'buku la malisiti, akayaka mulowetse zonse musanatseke tsiku.