Phunziro la bizinesi yosawononga chilengedwe: ndiwaphunzitse bwanji anthu a kuno ku Salima?

Mphunzitsi_KamuzuRoad

Moni nonse. Ndimaphunzitsa Loweruka ndi Lamlungu pa sukulu ina ya ukachenjede yomwe ili ndi makalasi kuno ku Salima. Pakati pa sabata ndimagwira ntchito yowerengera ndalama. Teremu ino andipatsa phunziro la bizinesi, koma ati bizinesi yake ikhale yopindula lero osadyeratu za mawa, yosapha nthaka, nyanja ngakhale antchito, ndipo ophunzira adziwenso mmene nkhaniyi ikuyendera m'maiko ena.

Amene ankaphunzitsa ine ndisanabwere anandisiyira manotsi ambirimbiri. Muli kampani ya zovala ya Patagonia ya ku America, ija mwini wake Yvon Chouinard anaipereka mu 2022 kuti phindu lizipita ku ntchito zoteteza chilengedwe. Muli Grameen Bank, banki yobwereketsa ndalama zochepa kwa osauka ku Bangladesh, ya Muhammad Yunus, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Mulinso M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni ya ku Kenya, ya mu 2007. Zonse ndi zoona, ndipo ndimazikonda.

Koma ophunzira anga ndi akuluakulu 31: aphunzitsi a pulayimale, alangizi a zaulimi awiri, wapolisi mmodzi, ndi mayi wina wa geni ya usipa amene amapikula ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe. Loweruka lapitali, magetsi atathima, thukuta lili kamukamu, ndinatha ola lathunthu ndikufotokoza za majekete a m'chisanu. Mayi aja anakweza mkono n'kuti, "Aphunzitsi, za majekete tamva. Koma ine mvula ikagwa usipa uli pa thandala ndimaufutsa, ndipo nkhuni zake sindifunsa kumene zachokera. Ndisiye, ana adye chiyani?" Kalasi yonse inaseka, ine ndinangoti tidzakambirana sabata yamawa.

Ndiye sabata yamawayo yayandikira. Manotsi sindingawataye chifukwa mayeso amaunikidwa ndi munthu wa kunja kwa sukulu, ndipo adzafuna aone kuti za maiko ena zilimo. Amene munaphunzitsako kapena kuphunzira zoterezi, munkatani kuti zisamamveke ngati nthano za azungu?

Naphiri_wa_ku_Chia

Aphunzitsi, mayiwo akuthandizani, akupatsani phunziro la teremu yonse kwaulere.

Ine si mphunzitsi, koma ndakhala zaka zisanu ndi zitatu ndi kopaletivi ya alimi a mtedza ndi mpunga kuno ku Nkhotakota. Kwa ine, za maiko ena sindinazidziwire m'buku. Zinandipeza pa sikelo. Tinapeza wogula wofuna kutumiza mtedza kunja, tinasonkhanitsa matumba, tinasankha bwinobwino, amayi atakhala pa mphasa masiku atatu kuchotsa wonyala ndi wosweka. Atautenga kukayeza, anatiuza kuti chuku chachuluka. Ndi maso mtedzawo unali wokongola zedi. Tinaugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira nawo.

Kufufuza kwake, vuto linayambira pa khonde. Alimi ambiri akafuna kuswa mtedza amauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Ena amauyanika pa dothi, ena amauthira m'thumba usanaumitsitse. Chinyezi chimenecho n'chimene chimabereka chuku, ndipo poizoni wake sachoka ngakhale mukazinge. Ku Ulaya mtedza woti anthu adye sulowa ngati poizoniyo wapitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu. Tangoganizani, lamulo lolembedwa ku Brussels, ku likulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, likuweruza ndowa ya madzi ya agogo a ku Mwansambo. Dziko lino linkagulitsa mtedza wambiri ku Ulaya kale, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatilanda msika umenewo.

Ndiye ine ndikanakhala inu, gulu lililonse ndikanalipatsa katundu mmodzi wa konkuno kuti limutsatire kuyambira kumunda kapena kunyanja mpaka pa chipata cha dziko. Ena mtedza, ena mpunga wa ku Lifuwu, ena mango poti kampani ya Malawi Mangoes muli nayo pafupi, ena usipa wa mayi aja. Pa sitepe iliyonse afunse: ndani wagwira katunduyu, wapeza zingati, wataya zingati, wawotcha chiyani, ndipo ndani angamubweze? Akafika pa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, akafika pa mapepala a ku Mchinji polowa ku Zambia, za COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndi za mgwirizano wa msika umodzi wa Africa zibwera zokha, simuchita kuzikoka.

Ndipo za chilengedwe musaziike ngati mutu wapadera wa kumapeto. Ife titayamba kuunjika mtedza m'munda mwa njira ija amati Mandela cock, makoko ali mkati mpweya ukudutsa, sitinkaganiza zoteteza dziko ayi. Tinkafuna katundu asabwezedwenso. Mlimi amamva msanga mukamuuza za thumba lake.

Mlovi_wakale

Bwana mphunzitsi, pepani ndilowerere. Mukufuna chitsanzo choti munthu wa kunja akachiona agwedeze mutu? Chili m'boma lanu lomwelo. Chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu kumeneko amatseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegula ndi mwambo mvula ikatha. Pa chilumbapo mowa saloleza, juga saloleza, ndipo wophwanya malamulo amachotsedwa. Bambo anga ankapita kukapha utaka kumeneko, ndipo ndikukumbuka ankabwera ndi nsomba zonenepa kusiyana ndi za kugombe kwathu.

Mwana wanga amene ali ku Bunda anandiuza kuti mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, analandira Nobel mu 2009 chifukwa chosonyeza kuti anthu a m'dera amatha kusamala okha chuma cha onse monga nyanja ndi nkhalango, popanda kudikira boma kapena kugulitsa kwa munthu mmodzi. Ndinamuuza kuti a Makanjira anayamba zimenezo mayiwo asanalembe. Ndiye aikeni pamodzi awiriwa, woyesa mayeso wanu asangalala.

Koma musakometsere mopitirira. Amayi saloledwa kufika pa chilumbapo, ndipo wophunzira wanu wa usipa ayenera kuti akudziwa. Mumufunse maganizo ake, muone mmene kalasi itenthere.

Digiri_pa_Kabaza

Ine ndiyankhula ngati wophunzira, ndipo mwina ena sizikukomerani.

Phunziro ngati limeneli ndinaphunzira, ndinakhoza bwino kwambiri. Ndinalemba pulani ya bizinesi ya masamba 40 yopanga makala a mankhusu a mpunga m'malo mwa makala a mitengo. Aphunzitsi anailemba kuti ndi yapamwamba. Lero ndili pa njinga yamoto pa siteji, ndimanyamula anthu kupita ku Senga Bay. Pulani ija ili m'sutikesi.

Chinandigwetsa sichinali kusowa nzeru. Makina opanira ndinawerengera mtengo mu Okutobala 2023, ndikusonkha ndalama pang'onopang'ono ku banki m'khonde. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, wogulitsa anangondiuza kuti mtengo uja iwalani. Nditayesa kupanga pamanja, makala anga ankayaka bwino koma amachedwa kugwira moto, ndipo amayi pa msika ankati, "Awa ndi a chitukuko, tipatseni enieni." Palibe tsamba ngakhale limodzi mwa 40 aja limene linanena za ndalama zakunja kapena za mayi wokana kugula.

Ndiye aphunzitsi, chonde, pulani isakhale mayeso aakulu. Muwauze agulitse kanthu kenikeni kwa milungu isanu ndi umodzi, ngakhale ka mpamba wochepa, alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo amene waluza koma wafotokoza bwino chomwe chamuluzitsa apeze malikisi. Muwaphunzitsenso kuwerengera mtengo wa katundu kawiri, lero ndi pamene kwacha yagwa. Za maiko ena zimene zinandikhudza ine n'zimenezo.

Koma pa manotsi aja ndisiyana pang'ono ndi a Naphiri. Musawanyoze. M-Pesa ndi nkhani yathu yomwe, aliyense m'kalasi mwanu ali ndi Airtel Money kapena Mpamba m'thumba, ndipo mayi a usipa ndikhulupirira amalipira asodzi pa foni. Afunseni kuti isanabwere ankayenda bwanji ndi ndalama m'minibasi. Grameen ndi msuweni wa banki m'khonde, afananitseni, aone pamene akusiyana. Patagonia yokhayo ndiye kaya, mwina muwafunse kuti majekete amenewo akatha ntchito kumeneko amathera kuti, ayankha okha kuti pa kaunjika.

Naphiri_wa_ku_Chia

Achimwene a kabaza, sindinati awataye, ndati asayambire pamenepo. Koma za kaunjika mwandiseketsa, ndipo ndi funso labwino kuposa mmene mukuganizira: telala wa pa Nkhotakota boma akupikisana ndi belo lochokera kutsidya kwa nyanja.

Makala anu aja musawasiye. Kuno nthawi yokolola mankhusu amangowunjikana kuseri kwa zigayo za mpunga. Amayi ophika pakhomo ndi ovuta kuwasintha, yesani kaye ophika zambiri nthawi imodzi, monga a malesitilanti ndi ofutsa nsomba, amene moto ukagwira amafuna ukhalitse.

Mphunzitsi_KamuzuRoad

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri.

Dzulo ndinawaimbira mayi a usipa aja kuwapempha kuti Loweruka likubwerali aphunzitse ndi iwowo theka loyamba. Poyamba anakana, ati iwo anabwera kudzaphunzira osati kudzaseketsa anthu. Nditawafotokozera anavomera, ndipo anandiuza zimene sindinkadziwa: kuti usipa wowuma ndi dzuwa, wofutsa ndi wokazinga uli ndi ogula osiyana, kuti m'dzinja amataya wambiri chifukwa umawola pa thandala mitambo ikachita masiku awiri, ndiponso kuti anaonapo matenti a pulasitiki owumitsira nsomba ndi dzuwa koma sanawerengerepo ngati angabweze ndalama zake. Ndiye ntchito yoyamba ya kalasi ikhala imeneyo: nkhuni za nyengo imodzi, kuphatikiza usipa wotayika, kufananitsa ndi mtengo wa tenti. Pepala la pulasitiki loterolo limachokera kunja, choncho a Digiri_pa_Kabaza, kuwerengera kawiri kuja kulowa pomwepo.

Za Mbenji ndazitenga, pamodzi ndi Ostrom. Ndawonjezanso malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka, a mamegawati 60, omwe anayamba mu 2021 ndi ndalama za makampani akunja. Ndikufuna gulu limodzi lifufuze kuti ndalama zotere zimabwera bwanji, amagula magetsiwo ndani, ndipo anthu amene anali pa malowo zinawathera bwanji. Wapolisi uja wadzipereka kale kutsogolera, ati kufunsa mafunso ndi ntchito yake.

Zogulitsa kwa milungu isanu ndi umodzi zija ndiyenera ndikapemphe kaye kwa mkulu wa dipatimenti, chifukwa malikisi a pulani analembedwa kale mu silabasi ndipo sindingasinthe ndekha. Ndikaonana nawo Lachinayi.

A Digiri_pa_Kabaza, ngati Loweruka la pa mapeto a mwezi muli ndi mpata, bwerani ndi pulani ya m'sutikesi ija ndi makala ochepa ngati alipo otsala. Mbaula tibwereka kwa alonda a pa geti. Mafuta a njinga ndi maulendo amene muphonye m'mawa umenewo ndilipira ine, koma mundiuziretu mtengo lero.

Digiri_pa_Kabaza

Makala alipo theka la thumba, ali kwa mayi anga. Mtengo ndikuuzani Lachisanu aphunzitsi, ndione kaye ngati mafuta apezeke pa filing'i.