Thandizeni: munthu ndimuike pati pojambula ku Emperor's View?

Moni nonse akuluakulu ojambula zithunzi. Ine ndili ku Zomba, ndimajambula alendo okwera phiri, makamaka ku Emperor's View ndi ku damu la Mulunguzi. Foni yanga ndi Samsung Galaxy A14.

Vuto langa lili pa lamulo lija la rule of thirds, loti chomwe ukujambula uzichiika pambali pang'ono osati pakati penipeni pa chithunzi. Ndinayatsa mizere ya grid, iwiri yoimirira ndi iwiri yogona, yogawa chithunzi m'mabokosi 9. Munthu ndimamuika pa mzere wakumanzere, maso ake pomwe mizere yakumana, kuti mbali yotsalayo ionetse chigwa chonse mpaka Nyanja ya Chilwa. Kaimidwe kake kamandisangalatsa zedi, koma nkhope imatuluka yakuda bii, thambo lili mbee.

Ndayesa kudina pankhope: nkhope imaoneka bwino, koma nyanja ndi phiri la Mulanje zimazimirira m'kuwala. M'mawa ndiye kumaipiratu chifukwa dzuwa limakhala kumbuyo kwa munthu. Flash sithandiza akaima patali pang'ono.

Komanso eni zithunzi ambiri amadandaula kuti ndawaponya pakona. Akachiika pa WhatsApp, kabwalo ka DP kaja kamadula khutu ndi phewa.

Ndiye ndifunse. Pa foni ngati iyi, ndingatani kuti nkhope ndi nyanja zonse zioneke, munthu ali pambali? Nanga ku Mulunguzi, mitengo ya paini ikamaoneka m'madzi, gombe mumaliika pa mzere wam'mwamba kapena pakati penipeni? Inu amene mumajambula anthu olipira, mumatsata lamuloli kapena zofuna za mwini chithunzi?