Foni yamumanga miyendo mng'ono wanga, ndimuthandize bwanji?

Abale anga pagulu pano ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mng'ono wanga ali chaka chachiwiri ku yunivesite ku Zomba, fizi ndi lendi ndikulipira ndine chimwalirireni bambo athu. Ku sekondale anali wampira zedi, madzulo sumamupeza pakhomo. Atasankhidwa ndinamugulira foni ya Tecno poti masiku ano manotsi, ma PDF, ngakhale uthenga woti kalasi yasinthidwa nthawi zonsezo zimadutsa pa gulu la WhatsApp.

Ndiye wabwera ku holide ine mtima wandiwawa. Akadzuka ndi pampando pafupi ndi soketi, chaja ili pakhoma iye wapinda khosi mpaka dzuwa kulowa, nsima akudya ndi dzanja limodzi linalo likuyendetsa TikTok. Mathalauzi sakumukwananso m'chiuno, akudandaula msana ndi khosi ngati munthu wamkulu chikhalirecho zaka 21 zokha, dzana tinapitira limodzi kuchigayo kamtunda pang'ono iye ali wefuwefu. Kusukuluko amakhala ku Chikanda, poyenda pansi si patali ayi koma akuti akachedwa kudzuka amangokwera kabaza, ndipo kuchedwako ndi kwa tsiku ndi tsiku chifukwa amagona cha m'ma 2 koloko usiku. Nditamuuza kuti atsegule Digital Wellbeing ija yoonetsa nthawi imene munthu wakhala pafoni tione, yaonetsa maola 9 pa tsiku, za sukulu sizikukwana n'komwe maola awiri.

Kumulanda sindingathe, sukulu yake ili momwemo, komanso si mwana woti ndizimukalipira. Inu amene muli m'makoleji kapena muli ndi ana kumeneko, mumatani kuti munthu adzuke aziyenda?

Wa ku Bunda: Achimwene nafenso ndi zomwezi. Ine chinandithandiza ndi anzanga, tinaika app yowerenga masitepe, madzulo aliyense amaponya screenshot yake pagulu, wotsalira amagula chipisi. Ukangoona mnzako wakuposa umadzuka basi. Payekha sangathe, mufunseni ngati ali ndi anzake ochita nawo.

NaBanda: Ndimagwira ntchito za umoyo. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zoyenda ndawala kapena masewera ena otulutsa thukuta, ndiye mphindi 30 masiku asanu zakwana, jimu siyofunika. Koma yambani ndi tulo bambo, foni izigona patali ndi bedi. Ndipo mumufunse bwinobwino ngati zili bwino mumtima, ana ena akamadzitsekera pafoni chonchi amakhala ali ndi nkhawa ya mayeso kapena ya ndalama. Msanawo ukapitirira apite akamuone a dokotala.

Kholo linzanu: Ndalama ya kabaza ndi ya bando imachokera kwa inu, ichepetseni muone ngati sayenda pansi.

Mwini funso: Zikomo nonse. Zochepetsa ndalama ndikuopa, angayambe kudula pa chakudya kuti agule bando. Mayi NaBanda za nkhawazo zandikhudza, semesita yapitayi anagwa kosi imodzi ndipo chiyambire pamenepo safuna kukamba za sukulu, ndikangoyambitsa amalowa kuchipinda. Nkhani yotere ndiiyambe ndekha kapena ndiwapemphe amalume akhalepo?