Mwana wa malemu mlongo wanga: apite kunja kapena akulire kuno?

Malume a ku Jali

Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa malamulo a kaleredwe ka ana, chifukwa nkhani imene yagwa pa mbumba yathu yatikulira. Mlongo wanga anamwalira chaka chatha patangopita masiku 9 atabereka mwana wamkazi, ndipo bambo wa mwanayo, amene ankapha nsomba ku Kachulu, sanaonekenso chichokereni pa maliro. Amayi athu ndi okalamba ndipo akulera kale adzukulu anayi, pamene ine ndili ndi ana asanu amene ndimawadyetsa ndi kadimba ka mpunga ndi njinga ya kabaza. Chitini cha mkaka chinkatha pa masiku anayi okha, choncho a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu anatipezera malo pa nyumba ina yosungira makanda, ndipo tinagwirizana kuti tidzamutenga akadzayamba kudya phala ndi kuyenda.

Tsopano mwanayo wakwanitsa chaka ndi miyezi 4, ndipo mabanja awiri akumufuna. Loyamba ndi la azungu a ku Ulaya amene akhala akumuyendera kumeneko. Lachiwiri ndi la aphunzitsi a ku Chinamwali, anthu a mumpingo mwathu, amene akhala pabanja zaka 11 opanda mphatso. Amayi akuti mwana apite kunja akaphunzire, akadzakula adzabwera kudzatithandiza, koma mtima wanga sukukhazikika. Popeza ine ndine mwini mbumba, aliyense akudikira dzanja langa pa chikalata. Kodi njira ziwirizi zimasiyana pati, ndipo banja lathu lidzatsala ndi mphamvu yanji pa mwanayu?

Wopuma pantchito, Matawale

Pepani a malume ndi zovutazo. Ndinagwira ntchito yoona za ana kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene andiopsa m'kalata yanu ndi a agogo akuti mwana adzabwera kudzathandiza. Musanasaine chilichonse, khalani nawo pansi muwafotokozere kuti chimene akhoti amachita si kulera kumene timakudziwa kumudzi. Kwathu mwana amapita kukakhala kwa azakhali ake ku Lilongwe, amaphunzira kumeneko, koma amakhalabe wa mbumba yake, ndipo pa ukwati wake ankhoswe amachokera kwa inu. Woweruza akapereka chilolezo chotenga mwana mwalamulo, udindo ndi mphamvu zonse za makolo zimachoka kwa inu n'kupita kwa omutengawo mpaka kalekale, kaya akhale a ku Chinamwali kaya a ku Ulaya. Pamenepa njira ziwirizo sizisiyana ngakhale pang'ono.

Lamulo limene makhoti athu amagwiritsa ntchito ndi lakale, la mu 1949, nthawi ya atsamunda. Limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, ndiponso aposere mwanayo ndi zaka 21 pokhapokha ngati pali ubale. Limaletsanso kupereka kapena kulandira ndalama chifukwa cha mwana popanda chilolezo cha khoti, kotero wina akabwera ndi malata kapena matumba a feteleza n'kumati ndi chipepeso, dziwani kuti akukuikani m'mavuto. Khoti limasankha munthu woimira mwanayo, kawirikawiri wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, kuti akaone nyumba ya ofunsirawo, khalidwe lawo ndi kapezedwe kawo, kenako alembe lipoti. Woweruza ayeneranso kukhutira kuti amene akuvomereza amvetsa kuti akutaya mphamvu zawo zonse.

M'lamuloli muli ndime ina yonena kuti wotenga mwana akhale wokhala m'dziko muno, ndipo ndi imene inavuta pa nkhani ya Madonna, woimba wotchuka wa ku America. Mu April 2009 bwalo lalikulu ku Lilongwe linamukaniza kutenga mwana wachiwiri pa chifukwa chimenecho, koma mu June chaka chomwecho bwalo la apilo ku Blantyre linasintha chigamulocho, ndipo kuyambira pamenepo khomo la anthu akunja linatseguka kwambiri. Chimene anthu amaiwala n'chakuti mu 2006, pamene mayiyo ankatenga mwana woyamba ku Mchinji, bambo wa mwanayo anauzapo atolankhani kuti sanadziwe kuti akumupereka kosabwereranso, ngakhale pambuyo pake ananena kuti akugwirizana nazo. Ngati zinasokoneza munthu pa nkhani imene dziko lonse linkaiyang'ana, kuli bwanji gogo wa ku Jali amene adzangouzidwa kuti adinde chala?

Kusiyana kwenikweni kuli pa mtunda ndi pa dzanja la boma. Mwana akakhala ku Chinamwali, mukhoza kukwera njinga n'kukamuona, ndipo zinthu zikavuta ofesi ya boma ili pafupi. Akakwera ndege, lonjezo lakuti tidzatumiza zithunzi limangodalira mtima wa munthu. N'chifukwa chake pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana, la mu 1990, limati kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza, pamene m'dziko mwake mwasowa banja lomulera. Kwa inu banjalo silinasowe.

Funsaninso za njira yachitatu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limalola kuti mwana aikidwe m'manja mwa banja lina kwa nthawi, moyang'aniridwa ndi boma, ubale wake usanadulidwe. Aphunzitsiwo akhoza kuyamba motero.

Mayi wa ku Sadzi

A malume, ine ndilankhula monga mayi amene anatenga mwana kudzera kukhoti konkuno ku Zomba. Sindikufuna kuti muganize kuti njira ya kuno ilibe minga. Tsiku limene tinabwera naye, ali ndi miyezi 10, mayi wina woyandikana nafe anafunsa pa mjigo, anthu onse akumva, kuti mimbayo ndinaibisa pati. Ali sitandade 2 anabwera akulira chifukwa anzake anamutcha wotola, ndipo apongozi anga aakazi anatha zaka zitatu asanamutchule dzina, ankangoti mwana uja. Azilamu anga anayamba kufunsa za nyumba yathu, bambo akunyumba ali moyo ndithu, mpaka tinakalembetsa wilo, ngakhale loya anatiuza kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo mofanana ndi wobereka.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachisinthanitse ndi kanthu. Agogo ake omubereka mayi ake amakhala cha ku Thondwe, ndipo chaka chilichonse tikatsekera sukulu timapita ndi shuga ndi sopo. Gogoyo amamugwira makutu, amamutembenuza nkhope, n'kumati mphumi iyi ndi ya malemu, kenako amamutengera kumanda kukamuonetsa pamene mayi ake anagona. Lamulo silitikakamiza kutero, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti ulendo woyamba ndinapita mwamantha, poganiza kuti akandilanda. Afunseni aphunzitsiwo, pamaso pa abusa kapena a mfumu, ngati adzamuuze mwanayo zoona ndiponso ngati adzakuloleni kumuona. Akayamba kunena zosamukira kutali kuti anthu asadziwe, ganizani kawiri.

Namwino wa ku Manchester

Ndine wa ku Domasi koma ndikugwira ntchito kuno ku England, ndipo ndikuona kuti tisawaweruze azunguwo tisanawamve. Ambiri amene amatenga ana kunja amadutsa m'kafukufuku wautali m'mayiko mwawo, ndipo mwana amene ali ndi vuto la mtima kapena chilema chofuna maopaleshoni angapo akhoza kupeza kuno chithandizo chimene kwathu n'chovuta. Mukanati mwanayo ndi wodwala motero ndipo palibe banja la kumudzi lomufuna, ndikanakulimbikitsani kuti apite.

Komabe ndakumanapo ndi mtsikana wina wamkulu ndithu amene anatengedwa kwathu ali khanda. Anasangalala atamva kuti ndine Mmalawi, koma mawu amene ankadziwa anali zikomo yekha, ndipo anandionetsa kapepala kamene panalembedwa dzina la mudzi molakwika moti sindinathe kuuzindikira. Makolo ake amamukonda, sukulu anaphunzira, koma chimene ankafuna kwa ine n'chakuti ndimuuze ngati akufanana ndi anthu a chigawo chiti. Mayiko ena anafika potseka njirayi: Kenya inaimitsa mu 2014, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Ethiopia inaletsa mu 2018, chifukwa cha madandaulo a momwe ana ankapezedwera ndi kusungidwira. Ngati banja lanu lingasankhe kunja, musalole kuti nkhani ithere pa nyumba yosungira anayo. Ipite ku ofesi ya boma ndi ku bwalo lalikulu, ndipo mupemphe kuti zonse zimasuliridwe m'Chichewa agogo ali pomwepo.

Malume a ku Jali

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinawawerengera amayi zimene mwalemba, ndipo atamva zakuti sadzakhalanso ndi mphamvu pa mdzukulu wawo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ku Chinamwali kumafika minibasi. Lolemba ndipita ku ofesi kukafunsa za njira yachitatu ija, yoyamba ndi kumusungitsa. Chatsala ndi bambo wa mwanayu: kodi nkhani ingayende iye osapezeka?

Wopuma pantchito, Matawale

Ingayende, koma osati mwa kungonena pakamwa kuti anathawa. Lamulo limafuna chilolezo cha kholo, ndipo ndi khoti lokha limene lingachichotse likakhutira kuti khololo linataya mwana kapena silikupezeka. Pitani ku Kachulu mukafunse kwa a mfumu ndi kwa atsogoleri a pa doko, mufufuzenso kwawo kwa bamboyo, ndipo kulikonse kumene mwafika mutengeko kalata yokhala ndi chidindo ndi deti. Mukapita Lolembalo mutengenso buku la kusikelo la mwanayo ndi chikalata cha imfa ya mayi ake.