Kodi fumbi limakuta bwanji pulaneti lonse la Mars?

Aphunzitsi a ku Area 25:
Mwezi uno wa Okutobala ndimaona kamvuluvulu akunyamula fumbi pabwalo la sukulu yathu, koma sipapita mphindi ziwiri fumbilo lisanagwe pansi. Ophunzira anga a Fomu 3 andifunsa kuti zimatheka bwanji kuti ku Mars fumbi likute pulaneti lonse kwa miyezi, chonsecho mpweya wa kumeneko ndi wochepa kwambiri. Ndithandizeni, chifukwa sindikufuna kuwayankha zongopeka.

Bambo a ku Kawale:
Aphunzitsi, nkhani yagona pa dzuwa. Fumbi likakwera m'mwamba limagwira kutentha kwa dzuwa n'kutenthetsa mpweya wolizungulira. Mpweya wotenthawo umakwera, wozizira umathamangira pamalo pake, ndipo mphepo imeneyi imadzutsanso fumbi lina, kotero kuti namondwe amangodzikolezera yekha. Zimenezi zimachitika makamaka pulanetili likayandikira dzuwa, nthawi imene chigawo chake cha kummwera chimakhala m'nyengo yotentha. Anamondwe ang'onoang'ono amakumana n'kukhala mmodzi, monga zinachitikira mu 2001 pamene fumbi linayambira m'chigwa chachikulu cha Hellas.

Mayi a ku Likuni:
Bambo afotokoza bwino, koma anawo muwakumbutsenso za mvula. Kuno mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala fumbi lonse limatha, pamene ku Mars mvula sigwa n'komwe. Fumbi lakenso ndi losalala ngati ufa woyera, ndipo mphamvu yokokera zinthu pansi singafike ngakhale theka la ya kuno, choncho likakwera limachedwa kutsika. Mu 1971 chombo cha Mariner 9 chitafika, chinapeza pulaneti lonse litakutidwa, moti chinkangoona nsonga za mapiri aatali ngati Olympus Mons.

Aphunzitsi a ku Area 25:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mphepo yotereyi ingagwetse nyumba ngati namondwe wa kuno?

Bambo a ku Kawale:
Ayi, mpweyawo ndi wopepuka moti ngakhale uthamange chotani sukankha zinthu mwamphamvu. Choopsa ndi mdima. Mu Juni 2018 fumbi linaphimba dzuwa, ndipo kagalimoto kofufuza za ku Mars ka NASA (bungwe la ku America loona za mumlengalenga) kotchedwa Opportunity, komwe kankadalira sola kuyambira mu 2004, kanasiya kulankhula mpaka lero, pamene galimoto ina ya NASA yotchedwa Curiosity, yomwe imayendera mphamvu ya nyukiliya, inapitiriza ntchito mumdima womwewo.