Bizinesi yosamutsa katundu wa m'nyumba kuno ku Mzuzu: ndiyambire pati?

Wa ku Chibavi

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kuyamba bizinesi yosamutsa anthu, makamaka a lendi amene amasintha nyumba mwezi ukamatha, komanso ogwira ntchito m'boma akawasamutsira kwina. Ndalama imene ndili nayo ingakwane kalole kamodzi kakale, yotsala ndi yochepa. Laisensi yanga ndi ya B. Ndigule galimoto yanji? Mapepala ofunika ndi ati? Mtengo mumauwerengera bwanji? Nanga katundu wa mwini akasweka panjira, amalipira ndani?

Makaniko wa ku Luwinga

Achimwene, yambani ndi laisensiyo, chifukwa ndi imene ikuuzeni galimoto yoti mugule. B imalekezera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500, kuwerengera pamodzi ndi katundu wake. Townace kapena Bongo zimalowa mmenemo. Koma Dyna, Canter kapena Elf ya matani 2 kapena 3 imapitirira, ndiye imafuna C1. Pamwamba pa laisensi pamafunikanso PrDP ya katundu, chilolezo cha dalaivala woyendetsa galimoto ya malonda, yomwe mumakatenga ku Road Traffic. Ngati simukweza laisensi, werengerani malipiro a dalaivala kuyambira lero.

Townace ndi yabwino kunyamula ana asukulu a pa Mzuni ndi matiresi awo, kapena munthu wa chipinda chimodzi. Banja la zipinda zitatu mudzazungulira nalo kanayi, mafuta n'kudya phindu lonse. Katundu wa m'nyumba salemera kwenikweni, koma amadya malo: sofa, mabedi, wodilopu, mabeseni. Choncho poyang'ana lole musafunse matani okha, tengani tepi muyeze bodi. Ya matani 2 wamba bodi yake imakhala pafupifupi mamita 3.1 m'litali, pamene yaitali imafika mamita 4.3. Tengani yaitaliyo. Mita imodzi yowonjezerayo ndi imene imasiyanitsa ulendo umodzi ndi maulendo awiri.

Bodi yotseka ngati bokosi imateteza ku mvula, koma m'tinjira ta ku Masasa kapena ku Mchengautuwa imakodwa m'nthambi ndi m'mawaya a magetsi otsika, komanso masiku opanda msamuko simungainyamulire mchenga kapena njerwa. Ine ndingasankhe yotsekula, n'kuwotcherera zitsulo m'mbali zofika mita ndi theka, ndi mipiringidzo pamwamba yoyalapo lona.

Pogula, ikwezeni chitunda ili ndi katundu, osati yopanda kanthu. Kilatchi yotha imaonekera pamenepo: injini imalira koma galimoto siwonjezera liwiro. Gwadani muone masipuling'i akumbuyo ngati palibe tsamba lothyoka, muone chasisi ngati sichinawotchereredwepo, muyesenso exhaust brake, buleki yochepetsa liwiro potsekereza utsi wa injini. Chimenechi musachipeputse. Wotsika Chiweta ndi katundu atangodalira phazi, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira asanafike pansi. Pamatsikidwa ndi giya yaing'ono, phazi n'kumangothandizira. Kutsetsereka kopita ku Nkhata Bay n'chimodzimodzi.

Mapepala: bluebook m'dzina lanu, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi, chilolezo cha ku Road Traffic chonyamulira katundu wa anthu molipiritsa, ndi manambala ofiira a galimoto ya malonda. Dzina la bizinesi mulembetse ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge TPIN (nambala yanu ya msonkho) ku MRA, ndi laisensi ya bizinesi ku khonsolo ya mzinda. A lendi sadzakufunsani zimenezi, koma ofesi ya boma kapena bungwe silingakupatseni ntchito popanda TPIN ndi invoisi.

Mayi a ku Katoto

Bambo a ku Chibavi, za lole akuuzani. Ine ndinene za katundu, poti ndi pamene mbiri ya bizinesi imeneyi imamangidwa kapena kugwa. Malole oima podikira aganyu m'tauni muno ndi ambiri, ndipo onse amadziwa kuyendetsa. Chimene anthu amasowa ndi munthu woti firiji yawo ikafike ikugwirabe ntchito.

Musanalandire ntchito yoyamba mukhale ndi izi: malona awiri, lina loyala pansi lina lofunditsa, lofunditsalo lopitirira bodi ndi mita imodzi mbali zonse, mabulangete akale a pa kaunjika osachepera 15, malamba omangira okhala ndi chokhwimitsira 6, kuwonjezera pa zingwe, makatoni olimba, amene mungapemphe kapena kugula motchipa m'mashopu a golosale, selotepi yaikulu, cholembera chonenepa, masipanala a 10, 13 ndi 17, ma Allen key, masikuludiraiva, ndi timatumba ta pulasitiki. Timatumbato ndi ta mabawuti. Bedi lililonse mukamasula, mabawuti ake alowe m'kathumba kake, kamatidwe ndi tepi pa thabwa la bedilo. Mukawasakaniza, usiku udzakupezani mukuyesa bawuti iliyonse pabowo, mwini nyumba ataima pakhomo ndi ana a tulo.

Chingwe cha nayiloni chikakhudza sofa kapena thabwa lopolishidwa chimasiya mzere, chifukwa lole ikamagwedezeka chimacheka pang'onopang'ono. Pamene pali ponse chingwe chadutsa pa ngodya, pakhale bulangete kapena katoni yopinda.

Kapakiridwe kake: zolemera ndi zazitali zimayamba, n'kutsamira chitsulo cha kuseri kwa kabini. Firiji, kuka, wodilopu, matumba a chimanga. Mukaika zolemera kumchira, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero n'kumayandama, ndipo pa chitunda cha matope lole imakana kukhota. Matiresi aimikeni m'mbali akhale ngati khoma lofewa. Mipando ya patebulo igonekeni iwiriiwiri moyang'anizana. Mabeseni, ndowa, mbaula ndi makasu ndi zotsekera mipata kumapeto.

Firiji izimitsidwe dzulo lake, madzi oundana asungunuke, apo ayi adzanyowetsa zonse zili pansi pake. Iyende choimirira. Ikagona, oyilo wa mu kompuresa amalowa m'mapaipi, ndipo munthu akangofika n'kuyatsa, kompuresa imazungulira youma. Mukafika muwauze eni ake adikire maola anayi asanayatse. Ngati inapendekeka kwambiri podutsa pakhomo, idikire mpaka mawa. TV ya masiku anoyi nayonso siigona chafufumimba, galasi lake ndi lopyapyala ndipo limasweka pakati lole ikagwa m'dzenje. Ikulungeni m'bulangete, iime pakati pa matiresi awiri, kapena ikwere kutsogolo. Silinda ya gasi itsekedwe, ichotsedwe paipi, iime, imangidwe payokha.

Zovuta kwambiri ndi mawodilopu ndi madisipulei a chipboard. Thabwa lenileni la mlombwa kapena la paini limapirira, koma chipboard ndi utuchi womata. Mukaikoka pansi, masikuluu amazuka ndi nyama yake yomwe, ndipo sabwereranso. Ikanyowa imafufuma ngati chitumbuwa, basi yatha. Itulutseni zonse za mkati, chotsani magalasi ndi mashelefu, mangani zitseko ndi tepi, anthu anayi ainyamule choimirira. Ngati ndi yakale yogwedera kale, muwaonetse eni ake musanaigwire.

Za mvula sindikuuzani chachilendo, ndinu wa konkuno. Kwathu kuno imagwa mpaka Epulo ndi Meyi anzathu kumwera atayamba kale kukolola, ndipo mu Juni ndi Julayi kamvula kowaza sikachenjeza. Lona lifunditsidwe ngakhale kuli dzuwa, pakati pake patukuke kuti madzi asadikhe, ndipo m'mphepete mwa kutsogolo mulowetse kuseri kwa kabini. Mukasiya kamwa kutsogolo, mphepo imalowa n'kulifufumitsa, mvula yonse n'kuthira mkati.

Funso lanu loti amalipira ndani: inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera zinthu pa ngozi, siikhudza katundu amene mwanyamula. Ya katunduyo ndi ina, imatchedwa goods in transit, kafunseni mtengo wake. Ngati simuikwanitsa pakali pano, dzitetezeni ndi pepala. Lembani katundu yense wamkulu mmodzimmodzi, makatoni muwapatse manambala, jambulani pafoni chilichonse chimene chili ndi chilema kale, eni ake asayine ponyamuka ndi pofika. Papepalapo palembedwe kuti zimene mwalongedza inu mukuyankha ndinu, koma katoni imene alongedza okha n'kumata, za mkatimo ndi zawo. Ndalama, mafoni, malaputopu ndi ziphaso asunge okha m'chikwama cha m'manja.

Wa ku Chibavi

Yewo chomene nonse. Nanga mtengo? Anthu amakonda kungoimba foni n'kufunsa kuti "kuchoka ku Zolozolo kupita ku Chibanja ndi zingati?"

Mkulu wa ku Chiputula

Ameneyo musamuyankhe nambala pafoni, achimwene. Aliyense amati "ndi tikatundu tochepa". Mukafika mupeza matumba 20 a chimanga, khola la nkhuku ndi mulu wa njerwa zimene akuti sangazisiye. Pitani mukaone, kapena atumize kanema pa WhatsApp wa chipinda chilichonse ndi kuseri kwa nyumba komwe. Muonenso njira ya nyumba zonse ziwiri, yochokako ndi yopitako. Funso lalikulu ndi loti lole ikaima pati. Ku Masasa ndi mbali zina za Ching'ambo ndi Zolozolo kuli nyumba zimene galimoto imaima kumtunda, katundu n'kuyenda pamutu mamita 100 kutsetsereka. Ntchito ya maola awiri imasanduka ya tsiku lonse, ndipo aganyu adzafuna zowonjezera. Nthawi ya dzinja dothi lofiira lija likanyowa, lole yopanda katundu imangozungulira matayala pamalo amodzi. Yendani ndi khasu, fosholo ndi matabwa awiri okhuthala.

Mitengo ya makwacha sindilemba, poti mafuta akakwera mawa idzakhala yabodza. Werengerani m'malita. Dzadzani thanki, yendani ndi katundu, dzadzaninso, mugawe makilomita ndi malita amene alowa. Tinene kuti mwapeza makilomita 7 pa lita. Lilongwe kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu ndi makilomita pafupifupi 360. Kupita ndi kubwera 720, ndiye malita 103. Anthu ambiri oyamba kumene amawerengera opita okha, kuiwala kuti lole iyenera kubwerera kwawo. Pa mafutawo onjezani dalaivala, aganyu opakira kuno ndi otsitsa uko, chakudya, malo ogona. Kenako ikani padera gawo la galimoto: matayala, oyilo, mabuleki, inshuwalansi, COF. Njira yosavuta ndi kusunga ndalama yofanana ndi theka la mafuta a ulendowo, osaikhudza. Phindu lanu limabwera pamwamba pa zonsezi. Mukapita ku Blantyre kumbukirani ma toll gate a pa Kalinyeke ndi pa Chingeni, popita ndi pobwera.

M'tauni muno makilomita ndi ochepa, chimene mukugulitsa ndi nthawi. Ikani mtengo wa ulendo umodzi, munene kuti wachiwiri ndi zakuti, ndipo kudikira kopitirira ola limodzi kuli ndi mtengo wake. Zimachitika kawirikawiri kufika pa nyumba yatsopano n'kupeza wotulukamo sanatuluke, kapena makiyi ali ndi alandilodi amene apita ku Ekwendeni. Dzulo lake funsani kuti makiyi ali m'manja mwa ndani.

Theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba musanalize injini, lotsala alipire katundu asanathe kutsika. Mukatsitsa zonse n'kumva kuti "tikuonani pa 30", mwasanduka wokongoza. Maofesi amalipira mochedwa ndipo amadulako withholding tax, msonkho umene amachotsa asanakupatseni ndalama, choncho musalandire ntchito yawo ya ulendo wautali ngati mulibe ndalama yanuyanu ya mafuta.

Phindu lenileni la maulendo aatali lili pobwerera. Musananyamuke lengezani m'magulu a WhatsApp kuti lole ibwera yopanda kanthu kuchoka ku Lilongwe kapena ku Karonga tsiku lakuti. Ngakhale mutalipiritsa theka, imeneyo ndi ndalama yoyera chifukwa mafuta analipiridwa kale.

Dalaivala wa M1

Pa zogula lole ndikusiyana nawo pang'ono a makaniko. Mwanena nokha kuti mukagula mutsala opanda kanthu. Lole yakale siichedwa kupempha: mwezi woyamba batire, wachiwiri matayala awiri, ndipo msamuko umachuluka masiku ochepa okha a kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi. Masiku enawo imafuna ntchito ya simenti, matabwa kapena mbewu kuti idzidyetse. Bwanji miyezi itatu yoyamba mugule zida zimene atchula mayiwa, mupeze anyamata atatu okhazikika, lole muzichita hayala kwa eni ake? Inu muzigulitsa kulongedza, kupakira ndi kumanganso mabedi. Mukatero mudzadziwa kuti makasitomala anu ambiri akufuna galimoto yaikulu bwanji musanataye ndalama. Anyamatawo akhale omwewomwewo, odziwika kwawo. Wongomutola pa depoti m'mawa, foni ya kasitomala ikasowa simudzamupezanso.

Tsono za pamsewu, zimene sizinatchulidwe. Wosamuka amafuna kutenga chilichonse, ndipo zina zimagwiritsa lole. Makala ndiye oyamba. Lamulo la za nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo akapezeka pa rodibuloko, mlandu umagwera dalaivala ndi galimoto yomwe, ngakhale eni ake atalumbira kuti ndi ophikira kunyumba. Matabwa ocheka nawonso amafuna mapepala a Forestry, makamaka njira ya ku Chikangawa. Nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe sizituluka m'boma popanda kalata ya a zaziweto. Katoni yomata kale imene eni ake akukana kunena za mkati mwake, isakwere.

Chinanso, onetsetsani kuti amene akukutumaniyo ndi mwini katundu. Munthu wofuna kusamuka 2 koloko usiku nthawi zambiri akuthawa lendi, kapena banja layambana ndipo wina akutulutsa katundu mnzake kulibe. Mawa lake apolisi amafunsa nambala ya lole. Jambulani chiphaso chaunzika cha kasitomala, pakirani kukuwala, ndipo pa ulendo wotuluka mumzinda mwini katundu kapena wachibale akwere nanu kutsogolo, atanyamula kalata ya transifa kapena ya a mfumu a m'deralo. Anthu ena onse akwere basi. Kuika ana pamwamba pa katundu ndi mlandu, komanso inshuwalansi yanu siiwadziwa.

Mukanyamuka imani mutayenda makilomita 10 kapena 15, mukhwimitsenso malamba onse, chifukwa katundu amakhazikika n'kusiya zingwe zili lendelende. Katundu wopita ku Lilongwe pakirani madzulo, lole igone pamalo otetezeka, munyamuke kutacha. Chikangawa ya usiku ndi chifunga, malole a matabwa ndi maenje, sipoyenera galimoto yonyamula magalasi a anthu.