Kalaibulale kathu ku Chibavi kamadzadza nthawi ya mayeso yokha, tiyambe chani?

NyaChirwa_Chibavi

Moni nonse, monire. Ndili mu komiti ya kalaibulale kathu ka m'dera kuno ku Chibavi, ndi chipinda chimodzi chomwe a mpingo anatibwereka, muli mashelefu, matebulo atatu ndi mabenchi, mabuku ambiri anachita kutitumizira anthu akufuna kwabwino. Chaka chino tapeza sola ndi makompyuta awiri, akale ndithu koma akuyaka. Vuto ndi ili, kuyambira Epulo mpaka a Fomu 4 atamaliza MSCE malo amachita kusowa, ena amakhala pakhonde ndi kuzizira kwa Mzuzu kuja atafunda zitenje, koma mayeso akangotha kumangoti zii, mtsikana amene amatithandiza amaswera yekha kumangodina foni. Nde komiti yati tiyambe zina zatsopano, ena akuti kalasi ya kompyuta, ena akuti Loweruka tiziwerengera ana nthano, abusa akuti sukulu ya kwacha. Ndalama sizingakwane zonsezi. Inu mukanayamba ndi chiti? Timatsegula 8 mpaka 4, Lolemba mpaka Lachisanu.

Wongani_Luwinga

Amama mwadziyankha nokha kumapetoko. 8 mpaka 4 mkati mwa sabata ndani ali free? Ana ali ku sukulu, akuluakulu ali ku geni kaya ku ntchito, otsala ndi a Fomu 4 omwewo amene sakulowanso m'kalasi. Musanagule chilichonse sinthani nthawi, muzitsegula masana mpaka madzulo komanso Loweruka, sola muli nayo kale. Ikani masoketi ambiri, munthu akabwera kudzatchaja foni amakhala pansi ola lathunthu ndipo dzanja limapita lokha pa shelefu.

Za kalasi ya kompyuta ine ayi. Makompyuta awiri, anthu 20, aliyense agwira mausi mphindi zingati? Bola muziika tsiku lothandiza anthu zomwe zikuwavuta panopa, kulemba CV, kutsegula email, kudzaza mafomu a NCHE ofunsira malo ku yunivesite, a ngongole ku loans board. Ana ambiri amakalipira mtauni kuti wina awadzazire ndipo password amaisiya konko. Ife ophunzira pa Mzuni tilipo ambiri amene timakhala m'makomboni momwemu, kuli ndi ena akuphunzira za laibulale zenizenizo, mutawapempha Loweruka limodzi pamwezi sangakane onse.

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi Nyachirwa, zikomo pa ntchito mukugwirayi. Mnyamatayu wanena zoona pa za nthawi koma ine mtima wanga uli pa ana ang'onoang'ono. Ndaphunzitsa pulayimale mpaka kupuma, mwana amene wafika Sitandade 4 akuwerengabe moloza chilembo chimodzichimodzi ndi amene mudzamuone ku Fomu 4 akuloweza manotsi osamva kanthu. Amene amakudzadzirani mu Juni aja sabwerera mabuku anu, amabwera ndi makope awo, kwa inu akufuna tebulo ndi bata basi. Nchifukwa chake mayeso akatha simuwaonanso.

Tsono ndikufunseni, pa mashelefu anuwo mabuku a Chichewa ndi angati? A Chitumbuka alipo olo limodzi? Mabuku obwera m'makatoni ndimawadziwa, ena ndi abwino zedi, koma ambiri ndi Chingerezi chokhwima, nkhani za ana akusewera pa chipale, malamulo a msonkho a dziko la eni. Mwana wa ku Chibavi amalankhula Chitumbuka kunyumba, Chichewa ndi anzake panjira, akatsegula buku lotero amangoona zithunzi nkulitseka. Musachite manyazi kuchotsa mabuku amene palibe anawagwirapo, shelefu yodzadza si laibulale ayi. Pitani ku nthambi ya National Library Service mtaunimu mukacheze nawo, bungwe limeneli lakhala likugwira ntchitoyi kuyambira 1968 ndipo limalandira mabuku kuchokera ku Book Aid International ya ku UK, akuuzani njira yopemphera komanso kasanjidwe kake kuti buku lizipezeka msanga. Pitaninso kwa ahedi a masukulu oyandikana nanu, mabuku owerenga a Sitandade 1 mpaka 4 a pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ija angakuuzeni kopezeka.

Za Lowerukazo chitani, sizifuna ndalama. Mphasa ziwiri, munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mokweza mosatopetsa, osati wowerenga ngati akulengeza zovuta. Itanani agogo a m'deramo azidzanena vidokoni ndi nthano, ana aziyankha, kenaka a Sitandade 6 ndi 7 azilemba zomwe amva m'chilankhulo chomwe anamvera, mumange ndi stepula, mwana ajambule chikuto. Pakutha chaka muli ndi timabuku tanutanu ndipo mwana amene dzina lake lili pachikuto amakoka mayi ake kuti adzaone.

China, Mzuzu ndi wachinyontho. Mashelefu asagunde khoma, akwezeni pa njerwa, mawindo azitsegulidwa dzuwa likawala, apo ayi mabuku achita nkhungu ndipo chiswe sichichedwa. Mawaya a solawo aike munthu wodziwa ntchito yake, osati mwana wa neba. Tonse tikukumbuka Disembala 2015 pomwe laibulale ya Mzuni inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo usiku umodzi.

Kabaza_wa_pa_Katoto

Kkkk adada alemba buku lonse apa. Ine zanga nzochepa, gulani nyuzi. Nation ndi Daily Times tsiku lililonse ndikulonjezani madala adzadza, wina akufuna mavakansi wina zandale ife tikufuna tione Moyale yatani. Nyuzi yadula aise, munthu sungagule daily. Koma musadzaike TV, ikangolowa basi yasanduka video show.

Mayi_a_Tawonga

Ine ndikutsutsana nawo pang'ono achimwene a ku Luwingawo pa zotseka usiku. Mwina inu ndinu mwamuna simuganiza zimenezi, koma mwana wanga wamkazi sindingamulole azichoka kumeneko 8 koloko, njira za ku Chibavi nthawi ya mvula mukuzidziwa, matope, mdima, timilatho tamatabwa tija. Mukatero mupeza muli anyamata okhaokha. 6 koloko yakwana, ndipo Loweruka tsiku lonse.

Za ndalama ya nyuzi, mmamawa chipindacho chimangokhala eti? Magulu a banki mkhonde timavutika pokumana, timasinthana makomo ndipo mvula ikagwa ndi chipwirikiti. Tipatseni mmawa awiri pa sabata tizipereka kangachepe, ndalama imeneyo muzigulira nyuzi ndi bandulo. Azimayi omwewo ena amasainira ndi chala, sukulu ya kwacha ya abusayo ophunzira ake ndi amenewo, koma musaitchule choncho pa chikwangwani anthu amachita manyazi, mungoti tikuphunzitsana kulemba m'buku la gulu ndi kuwerengera chiwongoladzanja. Ndipo timabwera ndi ana kumbuyo, muike mphasa pakona ndi timabuku tazithunzi.

Wongani_Luwinga

Zomveka amama, 6 ili bho. Koma nthawi ya mayeso yokha muziwonjezerako, ana ambiri kunyumba amawerengera tochi ya foni.

NyaChirwa_Chibavi

Yewo chomene nonse. Aphunzitsi mwandichititsa manyazi, ndapita kukayang'ana, a Chichewa sakudzadza olo theka la shelefu, a Chitumbuka ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Zosintha nthawi ndikazitula ku komiti Lachiwiri, povuta ndi pa mtsikana wathuyu chifukwa timangomupatsa ya sopo, Loweruka tizisinthana tokha a komiti. Za banki mkhonde ndiyambe ndafunsa abusa poti chipinda ndi chawo ndipo nkhani ya chiwongoladzanja pa tchalitchi ena amaiona mwina. A Wongani ndilembereni ku inbox, mukapezeke ndi anzanu awiri Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, printer tilibe nde aliyense azibwera ndi flash yake.